Ndege zomangidwa pakhomo ndi ngozi za potera

Pali anthu amene amamanga ndege m'galaja ya kunyumba kwawo. Ena amagula mapulani okha n'kumadula okha malata, matabwa kapena nsalu. Ambiri masiku ano amagula bokosi la zipangizo zodulidwa kale kufakitale, n'kumalumikiza pang'onopang'ono madzulo akaweruka kuntchito. Ntchitoyi kawirikawiri imadya maola oposa 1,000, ndipo kwa munthu wa banja maola amenewo amamwazika m'zaka 3, 5, mwinanso 10. Anthuwa si ochepa ayi. Kampani imodzi yokha, Van's Aircraft ya ku Oregon m'dziko la America, imene Richard VanGrunsven anaiyambitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ili ndi ndege zake za mtundu wa RV zoposa 10,000 zimene anthu wamba anamanga mpaka kuziulutsa. Bungwe la okonda kumanga ndi kuulutsa ndege la EAA, limene Paul Poberezny anakhazikitsa mu 1953, limasonkhanitsa omanga ndege chaka ndi chaka mumzinda wa Oshkosh ku America komweko, ndipo amabwera ndi ndege zawo zomwe.

Ku America lamulo limati womangayo agwire yekha gawo lalikulu la ntchitoyo, loposa theka, ndipo amange pofuna kuphunzira kapena kusangalala. Ndege yotere imalembedwa mawu akuti Experimental pamalo oonekera, kudziwitsa aliyense wokwera kuti palibe fakitale imene yaitsimikizira. Apa m'pamene pagona nkhani yonse. Ndege ziwiri zochokera m'mabokosi ofanana sizituluka zofanana, chifukwa uyu waika injini yolemerapo, uyo wasuntha batire, winayo wapinda phiko pang'ono osadziwa.

Mu 2012 bungwe lofufuza ngozi ku America la NTSB linatulutsa kafukufuku wa ndege zimenezi. Linapeza kuti mu 2011 ndege zomangidwa pakhomo zinali pafupifupi 10 pa 100 zilizonse za ndege zing'onozing'ono za m'dzikolo, koma zinapezeka m'ngozi 15 pa 100 zilizonse, ndiponso m'ngozi 21 pa 100 zilizonse zimene munafa anthu. Ziwerengero zimene ine zimandikhudza kwambiri ndi zina. Mwa ndege 102 zimene zinachita ngozi zili m'manja mwa ozimanga, 10 zinagwa pa ulendo woyamba weniweni. Mwa ndege 125 zimene zinali zogulidwa kwa munthu wina, 14 zinagwa pa ulendo woyamba wa mwini watsopanoyo. Ndege yoti yauluka kale bwinobwino ndi mwini wake wakale, ikugwa tsiku limene wina waigwira koyamba. Pamenepo sitingaloze chala zomangira kapena guluu. Vuto ndi loti munthu ndi ndegeyo sanadziwane, ndipo malo amene kusadziwanako kumaonekera msanga ndi potera.

Kuti timvetse, tiyambe ndi phiko. Phiko limanyamula ndege chifukwa cha mpweya umene ukulidutsa, ndipo liwiro likamachepa woyendetsa amayenera kudzutsa mphuno kuti phikolo lilume mpweya kwambiri. Pali malire. Akapyola malirewo mpweya umasiya kutsata msana wa phiko, mphamvu yonyamula imatha mwadzidzidzi, ndege n'kugwetsa mphuno. Oyendetsa ndege amati stall. Tsono kutera ndiko kuifikitsa ndege dala pafupi ndi malire amenewa, koma nthawi imene matayala atsala masentimita ochepa kukhudza pansi. Ukafika pa malirewo uli mamita 5 m'mwamba, ndege imagwa ngati thumba. Ukabwera ndi liwiro lochuluka, imakana kutera: imayandama pamwamba pa msewu woterapo, popeza pafupi ndi nthaka mpweya umaigwira pang'ono kusiyana ndi m'mwamba, ndipo msewu ukuthera pansi pako. Mwachizolowezi amaphunzitsa kubwera ndi liwiro loposa la stall ndi magawo 30 pa 100. Kuwonjezera pang'ono kumaoneka ngati kudziteteza, koma kuthamanga sikufika. Liwiro likakwera ndi magawo 10 pa 100, mtunda wofunika kuti ndege iime umakwera ndi magawo pafupifupi 21 pa 100.

Tiyerekeze munthu amene wamaliza RV yake ya tayala lakutsogolo. Laisensi anaitenga pa Cessna 172, ndege yofatsa ya mapiko apamwamba imene imakhululuka zambiri. Zaka zonse ankamanga zija ndalama ndi nthawi zinkapita ku galaja, kuuluka n'kukhala kwa apo ndi apo. Lero akubwera kudzatera pa bwalo la udzu. Akuopa stall, ndiye wawonjezera liwiro. Afika pa msewu akukoka ndodo yowongolera ndege monga ankakokera chiwongolero cha Cessna, koma ndodo ya RV imamva ngakhale kukhudza kwa zala, choncho ndege ikukweranso m'mwamba. Wadzidzimuka, akukankha ndodo kutsogolo. Tayala lakutsogolo ndi limene layamba kugunda pansi, lanjanja, mphuno yadzuka, iye akukankhanso, ndipo dzanja lake likuchedwa ndi kamphindi nthawi iliyonse moti m'malo moletsa kunjanjako akukukulitsa. Kachitatu mwendo wakutsogolo ukupindikira kumbuyo, chitsulo chogwira tayala chikulowa m'dothi lofewa ngati khasu, mchira ukudutsa pamwamba, ndege n'kugona chagada. Zonsezi zatenga masekondi osakwana 10. Injini ilibe vuto, mapiko anamangidwa bwino, koma munthuyo ali lende pa malamba mutu pansi, chivundikiro cha pamwamba chapanikizika ndi nthaka, mafuta akudontha.

Kugudubuzika kotereku kunachitika kokwanira moti mu 2007 NTSB inafufuza za miyendo yakutsogolo ya ndege za RV, ndipo chaka chomwecho Van's inauza eni ndege kuti asinthe chitsulo chogwira tayala n'kuika china chotalikirako ndi nthaka. Komabe mfundo imene aphunzitsi amabwereza sinasinthe: tayala lakutsogolo ntchito yake n'kuchirikiza mphuno ndege ikamayenda pang'onopang'ono. Ndege imatera ndi matayala awiri aakulu, ndodo n'kukhala yokokedwa mpaka liwiro litatha.

Omanga ambiri amakonda ndege za katayala kakumchira, chifukwa n'zopepuka, zimathamangirako ndipo zimapirira mabwalo okumbika. Zili ndi msampha wawo umene amautcha ground loop. Pa ndege ya tayala lakutsogolo, phata la kulemera limakhala kutsogolo kwa matayala aakulu, ndiye ikakhota pang'ono kulemerako kumaikokera kuti iwongoke. Pa ya katayala kakumchira phatalo lili kumbuyo kwa matayala aakulu. Ikangopatuka pang'ono, kulemera kwa kumbuyoko kumafuna kupitirira kutsogolo, ndipo kupatukako kumadzikulitsa kokha. Aliyense amene anayesapo kubweza galimoto yokoka ngolo akudziwa mmene ngoloyo imathawira kumbali ukangochedwa kuiwongola. Woyendetsa amaletsa zimenezi ndi mapazi, poponda zopondera za chiwongolero cha kumchira, pang'ono koma msanga, uku ndi uku. Choipa n'choti liwiro likamatsika chiwongolerocho chimafooka chifukwa mpweya wochidutsa wachepa, ndiye ngozi imadza pamene munthu wayamba kupuma poganiza kuti wafika. Kamphepo kam'mbali kakankha mchira, ndege izungulira ngati nguli, nsonga ya phiko ikhula pansi, mwendo uthyoka. N'chifukwa chake ku America, kuyambira 1991, woyendetsa watsopano saloledwa kuulutsa yekha ndege ya katayala kakumchira popanda mphunzitsi kumusainira kuti waphunzira. Koma siginecha yotengedwa pa ndege yofatsa sikonzekeretsa munthu mokwanira ndege yaifupi yothamanga. Europa ya ku Britain, imene Ivan Shaw anaipanga m'zaka za m'ma 1990, poyamba inali ndi tayala limodzi lalikulu pamimba ndi tindodo ta timatayala kumapiko. Inkauluka mokoma, koma pansi inkafuna mapazi ogalamuka, ndipo eni ena anaisintha kukhala ya matayala atatu.

Ngozi ziwirizi kawirikawiri zimaononga ndege munthu n'kutuluka wamoyo. Imene imapha imachitika ndege isanafike n'komwe pa msewu, pokhota komaliza. Woyendetsa ali pansipansi, liwiro lachepa, ndipo mphepo yamukankha moti wapitirira mzere wa msewu. Kuti abwerere amapendeketsa ndege kwambiri. Ndege ikapendekeka osatsika, mapiko amasenza katundu woposa kulemera kwake, ndipo liwiro la stall limakwera: ndi magawo 19 pa 100 ikapendekeka madigiri 45, ndi magawo 41 pa 100 ikafika madigiri 60. Tengani ndege imene imachita stall pa makilomita 80 pa ola. Ikubwera pa 104 monga mwa chiphunzitso. Ikapendekeka madigiri 60, malire aja afika pa 113, kutanthauza kuti yawapyola kale. Ena poopa kupendekeka amakhotetsa mphuno ndi phazi lokha, ndipo zimenezi n'zoopsa kuposa, chifukwa phiko lam'kati limaleka kunyamula lisanatero linzake, ndege n'kugubuduka n'kuyamba kuzungulira mphuno pansi. Pa mamita 100 palibe mpata wochira. Ndege za m'fakitale zimayenera kuonetsa kuti zimachenjeza woyendetsa stall isanafike, kaya ndi kunjenjemera kaya ndi belu. Ku America ndege yomangidwa pakhomo ilibe lamulo limenelo. Ina imachenjeza, ina imangogwetsa phiko osanena kanthu, ndipo mwini amene sanapite m'mwamba kukaiyesa dala sadziwa kuti yake ndi iti.

Chimene chimasokoneza kwambiri n'choti ndege zimenezi zimasiyana kutalitali. Lancair ndi Glasair ndi zosalala, za mapiko aang'ono, zimabwera mothamanga ndipo zikachepa liwiro zimamira msanga. Long-EZ ya Burt Rutan ili ndi kaphiko kakang'ono kutsogolo, injini kumbuyo, ilibe mafulapu (tizigawo ta kumbuyo kwa phiko timene amatsitsa kuti ndege itere pang'onopang'ono), choncho imatera mothamanga pa msewu wautali, ndipo mwendo wake wakutsogolo umapindidwa, woiwala kuutsitsa amatera ndi mphuno. Kumbali inayi kuli Kitfox ndi Zenith CH 701 ya Chris Heintz, zopepuka, zotera pa kamalo kochepa. Izi anthu amaziona ngati zosavuta, koma popeza n'zopepuka ndipo mpweya umazigwira kwambiri, ukangochotsa moto liwiro limatha nthawi yomweyo. Wozolowera Cessna amadzutsa mphuno akadali m'mwamba n'kudikira kuti ndege iyandame, iyo n'kungogwa. Luso la pa ndege ina silisamukira lokha pa inzake, ndipo nthawi zina chizolowezi chakale ndi chimene chimamugwetsa munthu.

Zolakwika za pomanga nazo zilipo, ndipo zambiri zimabisala mpaka nthawi yotera. Geji ya liwiro imadalira timapaipi tiwiri totenga mpweya kunja. Kena kakadontha kapena kakaikidwa pamalo olakwika, gejiyo imanama, ndipo munthu amakhulupirira nambala yabodza pa nthawi imene nambala ndi moyo. Ndege imene sanaiyeze bwino pa sikelo ikhoza kukhala yolemera kumchira, ndodo n'kupepuka mopitirira mpaka kuvuta kuigwira, kapena yolemera kumphuno moti ndodo imafika pothera mphuno isanadzuke. Matayala osayang'ana kumodzi amaikokera kumbali ikangogunda pansi. Ndege zambiri za tayala lakutsogolo longozungulira lokha zimakhotetsedwa ndi mabuleki, ndiye mpweya ukalowa m'paipi ya buleki imodzi, chiwongolero cha pansi chatha. Ngakhale injini imene imazungulira mofulumira pang'ono moto utachotsedwa imapangitsa ndege yosalala kuyandama msewu wonse.

Palinso kutera kosafuna. Kafukufuku uja wa NTSB anaonetsa kuti kuzima kwa injini ndi chimodzi mwa zoyambitsa ngozi zikuluzikulu pa ndege zimenezi, ndipo kawirikawiri gwero limakhala njira ya mafuta, gawo limene womanga aliyense amalikonza mwa nzeru zake: zinyalala za pomanga zotsala m'thanki, paipi yodutsa pafupi ndi moto, fyuluta yaing'ono. NTSB inalimbikitsa kuti mafuta aziyesedwa mmene akuyendera ndege isanauluke koyamba. Imfa ya woimba John Denver pa 12 Okutobala 1997 imaonetsa mmene kusintha kamodzi kwa womanga kumadzapwetekera munthu wina. Denver anali ndi maola oposa 2,000 oulutsa ndege, ndipo anali atangogula Long-EZ yomangidwa ndi munthu wina. Mapulani ankati chosinthira mathanki a mafuta chikhale pakati pa miyendo ya woyendetsa, koma womangayo anachiika kumbuyo kwa phewa lamanzere. Tsikulo Denver anayeserera kutera kangapo pa bwalo la ku Monterey ku California, kenaka n'kulowera kunyanja. NTSB inapeza kuti mafuta atatha m'thanki imodzi, iye anatembenuka kuti afikire chosinthiracho, phazi n'kuponda chopondera chakumanja mosadziwa, ndege n'kugwera m'nyanja pafupi ndi Pacific Grove. Womangayo ankachidziwa chosinthira chake. Wogulayo anakumana nacho pa mphindi yoipa.

Nthawi zina, ngakhale si kawirikawiri masiku ano, cholakwa chimakhala m'mapulani enieniwo. Chitsanzo chakale ndi Pou-du-Ciel ya Henri Mignet wa ku France, imene inauluka koyamba mu 1933. Mignet anasindikiza mapulani ake mu 1934, ndipo anthu ambirimbiri ku France ndi ku Britain anayamba kumanga. Kandegeko kanali ndi mapiko awiri otsatana, ndipo lakutsogolo ndi limene linkapendeketsedwa ndi ndodo. Mu 1935 ndi 1936 anthu angapo anafa mofanana: woyendetsa watsitsa mphuno, kawirikawiri pobwera kudzatera, akukoka ndodo kuti adzuke, koma ndege ikungozyolika mpaka pansi. Atakayesa ndegeyo m'malo oyeseramo ndi mphepo yochita kupanga, ku France ndi ku Britain, anapeza kuti kukoka ndodo kunkapanikiza mpata wa pakati pa mapikowo, mpweya n'kuthamangira pa phiko lakumbuyo, ilo n'kunyamula kwambiri n'kukankhira mphuno pansi. Chimene woyendetsa aliyense akanachita kuti apulumuke ndi chimene chinkamupha. Maboma analetsa ndegeyo, Mignet anakonza mapikowo, koma anthu anali atataya kale chikhulupiriro.

Mayiko amayesa kutchinga mipata imeneyi m'njira zosiyana. Ku Britain bungwe la Light Aircraft Association limaona kaye mtundu wa ndege, limatumiza woyendera pa magawo osiyanasiyana a ntchito yomanga, ndipo womanga sasintha chinthu chachikulu popanda chilolezo. Ku America ufulu ndi wochuluka, koma ndege yatsopano imayamba yauluka m'dera limene aipatsa, yopanda okwera, kawirikawiri kwa maola 40, kapena 25 ngati injini ndi pulopela zake zili zovomerezeka kale. Kwa zaka zambiri lamuloli linkachititsa kuti womanga, amene mwina ndiye wosakonzeka kuposa onse, akhale yekhayekha m'ndege pa ulendo woopsa kuposa yonse. Mu 2014 FAA, bungwe loyang'anira za ndege m'dzikolo, inalola kuti woyendetsa wina wodziwa akwere naye pa nthawi yoyesayi ngati zofunika zina zakwaniritsidwa. Ine ndimaona kusinthaku kukhala kwanzeru, ngakhale kunachedwa. Makampani a inshuwalansi nawo amakonda kufuna maola angapo ndi mphunzitsi pa mtundu womwewo wa ndege asanavomere kuiteteza, ndipo nthawi zambiri ndi iwo amene amakakamiza munthu kuchita chimene akanayenera kuchita yekha.

Chovuta kuchilembera lamulo ndi mtima wa womanga. Munthu amene wakhoma yekha chomangira chilichonse amamva kuti ndegeyo akuidziwa kuposa wina aliyense, ndipo sakunama. Koma amaidziwa ndi manja a mmisiri. Mapazi ndi maso a woyendetsa ndi nkhani ina, ndipo zimenezo zinkachita dzimbiri nthawi yonse imene ankamanga. Kupempha munthu wina kuti aulutse ulendo woyamba kumawawa, ndikumvetsa. Komabe safunsa anadya phula, ndipo maola 5 kapena 10 ndi mphunzitsi m'ndege yofanana ndi yakeyo ndi ochepa powayerekeza ndi zaka zimene zapita m'galaja. Tsiku loyambalo limafunanso msewu wautali, mphepo yabata ndi anthu ochepa. Achibale ndi anzake akadzaza pa bwalo ndi mafoni m'manja, zimavuta kunena kuti lero ayi.

Mankhwala a ngozi zambiri zimene tafotokozazi ndi amodzi, ndipo aliyense anawaphunzira: zikavuta, patsa moto, kwera, zungulira, ubwerenso. Munthu wa RV uja akanapatsa moto atangonjanja koyamba, bwenzi atangotaya mphindi 5. Amene wapitirira mzere pokhota komaliza akanawongola mapiko n'kudutsa pamwamba pa bwalo. Anthu amalephera kutero chifukwa maganizo amakhala atatera kale, ndiponso munthu wamantha amene wauona msewu pafupi safuna kubwereranso kumwamba.

Kubwererako nakonso kumafuna kuyeserera, makamaka pa ndege izi zimene zambiri zili ndi injini yamphamvu poyerekeza ndi kulemera kwake. Ukapatsa moto wonse mwakamodzi liwiro lili lochepa, mphuno imadzuka ndipo ndege imakhotera kumbali chifukwa cha kuzungulira kwa pulopela. Pa injini za Lycoming ndi Continental zimene anthu ambiri amaphunzirira, imakhotera kumanzere, ndipo phazi lamanja limazolowera kuponda lokha osaganiza. Injini za Volkswagen zimene omanga amasintha kukhala za ndege nthawi zambiri zimazungulitsa pulopela mbali inayo. Pa ndege yotere mphuno imathawira kumanja, ndipo phazi lozolowera lija likaponda limaikankhira komweko, ndege ili mita imodzi kuchokera pansi.